Chingerezi cha Achemwali a ku Hanoi

Tsiku limene Achemwali anabwera koyamba kudzaphunzira paokha, anatulutsa makope anayi m'chikwama n'kuwasanja patebulo ngati munthu amene wabwera ndi umboni kubwalo la milandu. Tinali m'kanyumba kena komwera khofi ku Cầu Giấy, mumzinda wa Hanoi, mwezi wa Disembala. Kunja kunkawaza kamvula ka kumeneko, kopanda mabingu, kosanyowetsa msanga koma kolowetsa chisanu mpaka m'mafupa. Nditatsegula kope loyamba ndinapeza mawu okhaokha, olembedwa mwaukhondo m'mizere iwiri yotsika: kumanzere Chingerezi, kumanja Chivietinamu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndi lachinayi chimodzimodzinso.

"Aphunzitsi," anatero, "onsewa ndinawaloweza. Nanga bwanji sindikukhoza?"

Ndikuwatcha Achemwali chifukwa ndi mmene ndinkawaitanira. Ku Vietnam munthu saitana mnzake kuti "iwe" mwachisawawa. Amayamba waona msinkhu, kenako n'kusankha mawu a chibale. Iwo ankanditcha thầy, kutanthauza mphunzitsi wamwamuna, ine n'kumawatcha chị, mlongo wamkulu, popeza ankandiposa ndi zaka zinayi. Pa zachilendo zonse zimene ndinakumana nazo m'dzikolo, ichi chokha sichinandivute. Kwathu tinazolowera kale kuti wamkulu satchulidwa dzina.

Achemwali anali namwino. Anali atagwira ntchito zaka 11 pachipatala china chachikulu mumzindawo, ndipo ankafuna kukagwira ku Britain. Bungwe loona za anamwino kumeneko limafuna kuti wolemba mayeso a IELTS apeze 7 pa kuwerenga, 7 pa kumvetsera, 7 pa kuyankhula ndi 6.5 pa kulemba. Iwo anali atalemba katatu, ndipo katatu konse anaima pa 6. Ulendo uliwonse unkadya ndalama zoposa 4 miliyoni za dong, zomwe kwa namwino si zotola pansi. Mwana wawo wazaka zisanu ankagona kwa apongozi masiku amene amayi ake anali kusukulu yamadzulo, ndipo apongoziwo anali atayamba kufunsa, mwaulemu uja woluma kuposa mwano, kuti kodi Chingerezichi chidzatha liti.

Woyenera kuyankha funsolo ndinali ine, mwana wa kumudzi amene anayamba kuphunzira maphunziro onse m'Chingerezi atafika Sitandade 5. Ndinaphunzitsako Chingerezi kusekondale kwathu zaka zingapo, mpaka mnzanga wina wa ku South Africa atandiuza kuti ku Vietnam aphunzitsi akusowa. Sanandiuze kuti zolengeza ntchito zambiri zimafuna munthu "wobadwa nacho" Chingerezi, ndiponso kuti pena mawu amenewa amanena za khungu osati lilime. Ndinapeza malo pasukulu ina yamadzulo, pa malipiro otsikirapo kuposa a mnyamata wina wa ku Ulaya amene sankadziwa kusiyanitsa mneni ndi mfotokozi. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pasukulupo panali lamulo lolembedwa pakhoma la kalasi iliyonse: Chingerezi chokha. Sindinalione lachilendo. Kusekondale kwathu ukapezeka ukuyankhula Chichewa ankakukoleka kachipika m'khosi, ndipo wotsala nako madzulo ankapita kukatchetcha udzu. Ndinatchetcha udzu wambiri ine. Ndinkakhulupirira kuti udzu umenewo ndiwo unandipatsa Chingerezi, choncho nditayamba kukumana ndi Achemwali Lamlungu lililonse, lamulolo ndinabwera nalo ndekha popanda wondituma. Ndinawauza kuti mzere wakumanja autseke ndi pepala.

Pamene Achemwali anatitimira ndi pamalo podziwika, ndipo aliyense wophunzira Chingerezi atakula amafikapo. Poyamba ulendo umathamanga. Mawu 2,000 oyambirira, monga amene Michael West anasonkhanitsa m'ndandanda wake wa 1953, amapezeka paliponse. Pa mawu khumi alionse a m'nyuzipepala, pafupifupi asanu ndi atatu amachokera m'gulu limeneli. Ukaphunzira liwu m'mawa, pofika madzulo wakumana nalo katatu. Koma awiri otsalawo ndiwo amasenza nkhani. Katswiri wa ku New Zealand, Paul Nation, anawerengera mu 2006 kuti wofuna kuwerenga nyuzipepala kapena buku la nthano osapunthwapunthwa amafunika mabanja a mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000. Ndipo mawu a kumtundaku ndi amanyazi. Ukalipeza lero liwu, sudzalionanso mpaka mwezi utatha, ndipo pofika tsikulo laiwalika ngati dzina la munthu amene munangopatsana moni pamaliro.

Ine ndinachita zimene aphunzitsi ambiri amachita. Ndinawapatsa ndandanda wa Averil Coxhead wa m'chaka cha 2000, wa mabanja 570 a mawu opezeka kawirikawiri m'mabuku a kuyunivesite. Ndinawaikira pafoni pulogalamu ya Anki, imene imakubweretsera liwu pa nthawi imene watsala pang'ono kuliiwala. Achemwali si munthu waulesi. Ankaloweza mawu 20 patsiku, ena ali pantchito yausiku odwala atagona, ena ali panjinga yawo yamoto podikira magetsi a pamsewu, chinthu chimene ndinawaletsa koma sanandimvere. Patatha milungu isanu anandibweretsera chimangirizo. Munali chiganizo ichi, chimene sindidzachiiwala: "A plethora of chickens deceased due to the ubiquitous disease." Nkhuku zinali zitatsikira kulichete.

Ndinafuna kuseka koma ndinadzigwira, chifukwa ndinadziona ndekha. Ku Fomu 3 tinali ndi kalabu ya mtsutso, ndipo wopambana anali amene waphulitsa liwu lalitali kuposa anzake. Tinkasaka mawu m'dikishonale ngati tikukumba mbewa, n'kukawaponya pagulu osadziwa ngakhale kumene akuloza. Anthu ankaomba m'manja. Oyesa a IELTS saomba m'manja. Liwu lalikulu likakhala pamalo olakwika limakuchotsera, silikuwonjezera.

Chimene chinasintha zinthu sindinachikonze ine. Lamlungu lina mu Januwale foni yawo inalira, anali a kuwodi, ndipo anatuluka kukayankhira panja. Pepala lotseka lija linagwa pansi. Chivietinamu changa chinali cha pamsika, chogulira nthochi ndi kuuza wanjinga pokhotera, koma zilembo zake n'zofanana ndi zathu, motero maso anangoyamba kutsika ndi mzere wakumanja. Pa "urbanization" panalembedwa đô thị hóa. Masamba angapo kutsogolo, pa "globalization", toàn cầu hóa. M'kope lina, pa "modernize", hiện đại hóa. Kachidutswa komweko, hóa, kakungobwerabwera kumchira.

Mwina Mngerezi sakanakaona. Koma munthu amene anakula akunena kuti phika, phikira, phikitsa, phikidwa, maso ake amathamangira kumchira wa liwu popanda kuwatuma. Atabwerera ndinaloza ndi chala.

"Achemwali, aka n'kachiyani?"

Anandiyang'ana mokayikira, poti ndinali ndikuswa lamulo langa lomwe. Kenako anati hóa ndi kusandutsa, kuchititsa chinthu kukhala china: mudzi kusanduka tauni, dziko la alimi kusanduka la mafakitale. Ndinalemba "-ize" ndi "-ization" papepala n'kujambula mzere kuchokera pa hóa. Anakhala chete kanthawi. Kenako anatchula liwu limodzi: viêm. Kuchipatala ankadziwa kuyambira kale kuti viêm ndi kutupa, ndipo kuti m'Chingerezi ndi "-itis": viêm gan ndi "hepatitis", viêm khớp ndi "arthritis", viêm dạ dày ndi "gastritis". Zimenezi ankaziyesa za madokotala okha. Sizinawabwererepo m'mutu kuti Chingerezi chambiri cha kumtunda chinamangidwa motero.

Tsiku limenelo khofi anazizira m'makapu. Iwo ankatchula, ine n'kumalemba. Học ndi "-logy": sinh học, "biology", xã hội học, "sociology". Tái ndi "re-": tái chế, "recycle". Bất, vô ndi phi ndi timawu tokanira, abale ake a "un-", "in-" ndi "non-": bất hợp pháp, "illegal", phi chính phủ, "non-governmental". Tiền ndi "pre-", hậu ndi "post-". Pofika madzulo mphunzitsi anali iwo. Mawu amene anawalemba ngati alendo osadziwana m'makope osiyana, "industry", "industrial", "industrialize", "industrialization", anapezeka kuti ndi bambo, mayi ndi ana a nyumba imodzi.

Ndinadabwa kuti munthu wochenjera chotere sanazione yekha zaka zonsezi, koma chifukwa chake chili m'kalembedwe. Chivietinamu chimalemba kachidutswa kalikonse pakokha, ndi mpata pakati, moti maso amaona njerwa imodziimodzi. Chingerezi chimamata njerwa zonse n'kupakapo pulasitala. Kwa iwo "industrialization" linali khoma la zilembo 17 lopanda khomo. Ndipo aphunzitsi awo onse, kuphatikizapo ine, tinkangowauza kuti alisenze lathunthu.

Pambuyo pake ndinawerenga mbiri n'kumvetsa kumene njerwazo zinachokera. Kumpoto kwa Vietnam kunalamulidwa ndi mafumu a ku China zaka pafupifupi 1,000, kuyambira 111 BC mpaka Ngô Quyền atagonjetsa asilikali awo pamtsinje wa Bạch Đằng mu 938. Ngakhale atayamba kudzilamulira, za boma ndi za maphunziro zinapitirira m'zilembo za Chitchaina, ndipo mayeso akale olowera ntchito ya boma anatha mu 1919. Mumzinda wa Hanoi muli Văn Miếu, kachisi wa maphunziro womangidwa mu 1070, pomwe pali miyala 82 yoimikidwa pamisana ya akamba osema, yolembedwa mayina a anthu amene anakhoza mayesowo. Zilembo za masiku ano zinabwera ndi amishonale a Chikatolika. Dikishonale ya Alexandre de Rhodes inasindikizidwa ku Rome mu 1651. Afalansa nawo anasiyako zawo, koma zambiri n'za kukhitchini ndi mumsewu: cà phê, khofi, xà phòng, sopo, ga, siteshoni ya sitima. Zotsatira zake n'zakuti Chivietinamu chili ngati nyumba yosanja. Pansi pali mawu a kumunda, a pamoto ndi a pamsika. Pamwamba pali mawu ochokera ku Chitchaina, amene iwo amawatcha Hán Việt: a malamulo, a sayansi, a m'nyuzipepala, a pamwambo. Mkazi ndi đàn bà pansi, phụ nữ pamwamba. Ndege ndi máy bay, makina ouluka, komanso phi cơ.

Chingerezi nacho n'chosanja, kungoti amisiri a chipinda chake chapamwamba anali ena. Anormani a ku France atalanda England mu 1066, Chifalansa chinakhala chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi kubwalo la milandu, ndipo Chilatini ndi Chigiriki zinalowera kutchalitchi ndi kusukulu. N'chifukwa chake ng'ombe ikakhala kudambo ndi "cow" koma ikafika pambale ya bwana ndi "beef". N'chifukwa chake pali "ask" ndi "inquire", "buy" ndi "purchase", "begin" ndi "commence". Tili ana tinkaseka tikamva kuti ku Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki mokakamizidwa. Tinkati akayankhula ndi ndani, mizimu? Kuseka kumeneko ndinakukumbukira ndili ku Cầu Giấy, ndikuphunzitsa namwino timizu ta Chilatini timene ineyo ndinachita kutola ndekha nditamera kale ndevu.

Lamlungu lotsatira ndinadzutsanso nkhani ya nkhuku zija. Ndinafunsa kuti nkhuku ikafa amati chiyani. Anati chết. Nanga agogo? Mất, kapena qua đời. Nanga nduna ya boma, m'nyuzipepala? Từ trần. Msilikali wofera dziko? Hy sinh. Ndinawauza kuti kwathunso galu amafa, munthu amamwalira, ndipo wamkulu amatisiya.

"Tsono inu, Achemwali, munalemba kuti nkhuku zanu từ trần."

Anaseka mpaka anavula magalasi kuti apukute misozi, ndipo mtsikana wogulitsa khofi anatembenuka kutiyang'ana. Chimene ndinalephera kufotokoza milungu isanu m'Chingerezi chokha chinalowa pa mphindi imodzi. Sankafunika kuphunzitsidwa kuti liwu lili ndi msinkhu wake ndi bwalo lake, zimenezo anayamwira. Chimene chinkasowa n'choti wina awauze kuti Angerezi nawo ali ndi mwambo womwewo.

Atamaliza kuseka anandiponyera funso limene mpaka lero limanditsata. "Nanga kwanu, Aphunzitsi, 'globalization' mumati chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ndikanatha kufotokoza ndi chiganizo chathunthu, koma liwu limodzi loti mayi anga akalimva agwedeze mutu ndinalibe. Achemwali anaphunzira unamwino wonse m'chiyankhulo chawo, kuyambira mafupa mpaka mankhwala. Ine za mtima ndi mapapo ndinaziphunzira m'Chingerezi ndisanadziwe n'komwe ngati zili ndi mayina onse m'Chichewa. Kwa ife chipinda chapamwamba tinachita lendi, ndipo mwini nyumba ndi Mngerezi. Zimenezi n'zimene zinandipezetsa ntchito ku Hanoi, sindikana. Koma tsiku limenelo ndinawachitira nsanje. Osati kuti Chichewa chilibe njerwa: amene anapanga mawu ngati chitukuko, ulamuliro, mgwirizano ndi chilungamo sanapemphe chilolezo kwa munthu. Kungoti tinasiya kumanga khoma lili m'chiuno. Ndinawayankha kuti ndikafunsa akuluakulu, ndipo anandiyang'ana ngati mmene namwino amayang'anira wodwala amene akuti mankhwala anamaliza onse.

Makope anayi aja sitinawataye, koma tinakagula lachisanu mumsewu wa Đinh Lễ, pafupi ndi nyanja ya Hoàn Kiếm, kumene kuli masitolo a mabuku. M'kope limeneli tsamba lililonse linali la banja, osati la liwu limodzi. Pamwamba muzu, m'munsi ana ake, pambali chiganizo chimene anachipeza okha powerenga, ndi kachizindikiro kosonyeza ngati liwulo ndi la pansi kapena la pamwamba. Ndinawaletsanso kuwerenga zinthu zovuta mopitirira. Ankakonda kulimbana ndi nkhani zimene mzere uliwonse unali ndi mawu atatu achilendo, poganiza kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza. Tinasinthira ku nkhani zimene ankamva pafupifupi zonse, koma zambiri, tsiku ndi tsiku, kuti mawu amanyazi aja azikumana nawo pafupipafupi. Kuwerenga kwawo kunasintha msanga. Liwu lachilendo sankaliopanso. Ankalisenda ngati chinangwa kuti aone m'kati.

Ndisaname kuti kiyi ameneyu ankatsegula zitseko zonse. Pena ankanamiza. Atadziwa kuti "in-" amakana, anaganiza kuti "invaluable" ndi chinthu chopanda phindu, pamene ndi chamtengo wapatali zedi. "Inflammable" si chosayaka, ndi choyaka msanga, ndipo namwino wosunga mabotolo a mankhwala ayenera kudziwa zimenezo. "Sensible" ndi "sensitive" ndi ana a mayi mmodzi koma makhalidwe awo ndi osiyana. Mizere iwiri ija inalinso ndi bodza lake lina: imakuuza kuti liwu limodzi kuno ndi liwu limodzi uko. Chingerezi chili ndi "rice" basi, pamene iwo ali ndi lúa wa m'munda, thóc wosapuntha, gạo wopuntha ndi cơm wophika, monga ife tili ndi chimanga, mphale, ufa ndi nsima. "Wear" mmodzi yemweyo kwa iwo ndi mặc pa malaya, đội pa chipewa, đeo pa magalasi. Kwina n'kosemphana: xanh yekha amanyamula "blue" ndi "green" omwe.

Koma chimene chinatigwetsa tonse awiri sichinali kumtunda. Mnzawo wa Achemwali amene anapita kale ku England anawatumizira uthenga wa mawu pa Zalo, akudandaula kuti odwala a kumeneko samveka. Iye ankadziwa "syncope" ndi "hypertension", koma bambo wina atamuuza kuti "I passed out", anaganiza kuti akunena zotuluka panja. Odwala ambiri sanena kuti "vomit". Amati "throw up" kapena "bring it up". Wokomoka akatsitsimuka amati "come round". Ndipo gogo wina anapempha kuti akufuna "to spend a penny". Achemwali anaimitsa uthengawo n'kundiyang'ana, kudikira yankho. Ine, wa MSCE yabwino, wa digiri, wothyakula Chingerezi amene kumudzi amanditcha mzungu, ndinati mwina akufuna kukagula kanthu kukantini. Tinayang'ana pa intaneti. Gogoyo ankafuna kukataya madzi.

Apa m'pamene ndinaona kuti kwa ife ophunzira Chingerezi m'mabuku, chipinda chovuta ndi chapansi. Mawu aatali ndi oona mtima: ukawasenda nthawi zambiri amakuuza za m'kati. Koma "put", "get", "take", "come", timawu timene tinaphunzira tili ndi mamina, tikangokwatirana ndi "up", "off", "out" kapena "round", timabereka ana osafanana ndi makolo. "Put up with" alibe chochita ndi kuika kapena kumwamba. Amenewa alibe muzu woti uwagwirire. Uyenera kungokumana nawo kambirimbiri m'kamwa mwa anthu. Tinayamba kuonera pa YouTube mapulogalamu ojambulidwa m'zipatala za ku Britain, tikuimitsa pafupipafupi, ndipo m'kope limene ndinkalembamo zokonzekera phunziro ndinatsegula tsamba langa kumapeto, limene sindinawaonetse.

Ndiye pali mawu oyenda limodzi. Tsiku lina analemba kuti wodwala ayenera "to drink medicine". Ndinatenga cholembera chofiira, koma dzanja linaima m'malere. Iwo amati uống thuốc, ife timati kumwa mankhwala. Ndi Mngerezi amene "amatenga" mankhwala ngati akupita nawo kwina. Chaka chatsopano chawo, Tết, amachita kudya, ăn Tết, monga ife timafunsana kuti Khirisimasi mwadyera kuti. Mvula yamphamvu iwo amati yaikulu, mưa to, pamene Mngerezi amati yolemera. Chiganizocho ndinachikonza, poti woyesa sakanatimvera chisoni, koma ndinawauza kuti pa mlandu uwu tili awiri, iye ali yekha.

Kuyankhula ndiko kunali phiri. Liwu ukhoza kulidziwa papepala, koma likakana kutuluka pakamwa silinakhale lako. Chivietinamu cha ku Hanoi chili ndi kakwezedwe ka mawu ka mitundu isanu ndi umodzi: ma, má, mà, mả, mã, mạ ndi mawu osiyana, kuyambira mzukwa mpaka mbande za mpunga. Ife tili nazo zathu zochepa, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, motero ndinkadziyesa wodziwa, mpaka tsiku limene ndinaitanitsa dứa, chinanazi, n'kupatsidwa dừa, kokonati. Khutu la Achemwali linali lakuthwa kuposa langa, koma linazolowera kuti kachidutswa kalikonse kamaima pakokha. Chingerezi chimamenya malo amodzi n'kumeza kwinako, ndipo pomenyapo pamasuntha banja likamakula: "photograph" amamenyedwa koyambirira, "photographer" pachiwiri, "photographic" pachitatu. Mabanja athu a m'kope lachisanu anatiukira pamenepa. Njira anaipeza okha: anayamba kulemba kachizindikiro kawo ka mawu okwera, kamene amakatcha sắc, pamwamba pa malo omenyawo.

Kumchira kunali kovuta koposa. M'Chivietinamu liwu silithera pa "s", ndipo makonsonanti saunjikana kumapeto. Choncho "rice", "right" ndi "ride" ankatuluka ngati liwu limodzi, ndipo kuwauza kuti anene "asked" kunali ngati kuwapatsa mwala kuti ameze. Ife matenda athu ndi osemphana: sitipirira liwu lotha mwadzidzidzi, timalimangira mchira, n'kukhala buku, sukulu, bokosi. Iwo amadula, ife timasoka. Ndipo ndisadzitame. Kamtsikana kazaka zisanu ndi zitatu m'kalasi yanga ya Loweruka kanakwezapo dzanja n'kundifunsa ngati ndati "pray" kapena "play".

Nditaona kuti njira ya njerwa ikugwira, ndinapita nayo kusukulu yamadzulo ija. Ndinalemba hóa, học ndi tái pabolodi, ndipo kalasi imene inkangokhala duu inayamba kulimbirana cholembera. Sabata yotsatira ndinaitanidwa ku ofesi. M'makalasi munali makamera. Mkulu wa sukuluyo anandiuza modekha kuti anthu amalipira ndalama zambiri kuti m'chipindamo musamveke Chivietinamu, ndipo kuti akafuna kumva chiyankhulo chawo ali nacho kunyumba chaulere. Anandikumbutsanso, modekha momwemo, kuti chilolezo changa chogwirira ntchito chinali m'dzina la sukuluyo. Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinalimba mtima. Ndinapepesa. Kumudzi kunali mng'ono wanga wa kukoleji amene fizi yake inkachokera m'thumba langa. Lolemba lotsatira ndinaloza lamulo la pakhoma lija ndi chala changa chomwe, ndipo mnyamata wina atanong'oneza mnzake tanthauzo la liwu m'Chivietinamu, ndinamuyang'ana ndi diso limene aphunzitsi anga ankandiyang'ana nalo asanandipatse chikwakwa.

Achemwali analemba kachinayi mu Meyi. Dzulo lake anapita ku Văn Miếu, monga amachitira ana a sukulu ambiri mayeso akayandikira, ngakhale ankati iwo sakhulupirira zimenezo. Zotsatira ananditumizira pa Zalo usiku, chithunzi chokha popanda mawu. Kuwerenga 7.5. Kumvetsera 7. Kulemba 6.5. Kuyankhula 6.5.

Theka lokha. Ndinakhala nthawi yaitali foni ili m'manja, ndikulemba n'kumafufuta. Ndinkaganiza za mamiliyoni ena anayi, za apongozi, za milungu isanu ija imene tinataya pepala litatseka mzere wakumanja. Ndinkadzifunsanso ngati theka limenelo silinatsalire m'kamwa mwanga, ngati mphunzitsi wosasokoneza "r" ndi "l" sakanawakweza. Pomaliza ndinangolemba kuti pepani, chị.

Anayankha m'mawa kuti Lamlungu ndisachedwe. Ndinawapeza atafika kale, atakhala patebulo la pakona, kope latsopano lili patsogolo pawo. Munalibe tanthauzo la liwu ngakhale limodzi. Munali mizere ya mawu amene ankawadziwa kale, osankhidwa chifukwa cha michira yawo: "patients", "tests", "risks", "asked", "helped", "months". Anandipatsa kapepala kopyapyala kopukutira manja kuti ndikagwire pafupi ndi pakamwa pawo. Kakagwedezeka kumapeto ndiye kuti mchira watuluka. Tinayamba ndi "tests". Kapepala sikanagwedezeke. Anakoka mpweya, n'kuwongola magalasi.

"Aphunzitsi, kachiwiri."